Madzinja awiri pa matayala a Michelin Road 6: zimene ndaona m'misewu ya Mangochi

Amene mumandiona ndikudutsa pa Boma ndi njinga yofiira yolira ngati njuchi zoputidwa, funso lanu limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, imafika pa angati?" Anyamata a kabaza pa siteji, ana a sukulu, ngakhale atrafiki akamaliza kuona mapepala, onse amafuna kumva za liwiro. Za matayala sanandifunsepo munthu. Chonsecho tsiku limene ndinatsala pang'ono kupita kuli chete, injini inalibe mlandu uliwonse.

Njingayo ndi Honda CBR650F ya 2016, ndinaigula ku Joni mu 2021. Ntchito yanga ndi yokonza mafiriji ndi makina oziziritsira zipinda m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, choncho sabata siitha ndisanagwire msewu: Namiyasi, Makawa, Nkopola, Monkey Bay, nthawi zina mpaka Cape Maclear. Kamodzikamodzi ndimapita ku Blantyre kukagula zipangizo, ndipo kwa apongozi ndi ku Namwera. Ndikudziwa kuti njinga yokwera chowerama ngati iyi si yoyendera ntchito ya mafiriji. Mayi a kunyumba anandiuza kale zimenezi, osati kamodzi. Tizisiye.

Linali Lamlungu lina mu Disembala 2022. Ndinkachokera ku Namwera, kutsika mapiri a Chowe cha m'ma 3 koloko masana. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa mmene umakhotakhotera, chigwa chili apo, nyanja ya Malombe ikuoneka chapatali. Dzuwa linaswa mtengo tsiku lonse, kenako mitambo inangosonkhana, mvula n'kuyamba kuwaza. Sinali mvula yoti munthu n'kuusa, inali yongonyowetsa fumbi ija, yonunkhiritsa dothi. Imeneyo ndiye yoopsa, chifukwa imadzutsa oyilo ndi dizilo amene malole akhala akudonthetsera pa phula, koma osamukokolola. Ndinalowa pa kona ina yokhotera kumanzere ndili pa 60 kapena 70, osati liwiro lodzionetsera, ndipo nditangoipendeketsa njinga, kumbuyo kunathawa. Zinali ngati wina wandisolola mphasa ndili chiimire. Ndinaona mzere wapakati pa msewu ukudutsa pansi panga. Tayala linagwiranso lokha, njinga n'kundikutumula kawiri, n'kuwongoka ndili kale mbali ya magalimoto okwera. Mwamwayi kunalibe galimoto.

Ndinakaima patsogolo pang'ono pomwe mayi wina ankagulitsa mango pansi pa mtengo. Anaona zonse. "Bambo, khalani kaye pansi," anatero akundikankhira kampando. "Miyendo yanuyo ikunjenjemera." Ndinakana kuti sikunjenjemera. Sananditsutse, anangonditambasulira mango awiri.

Ndili pa kampando paja m'pomwe ndinaliyang'anitsitsa tayala la kumbuyo, koyamba chiligulireni. Pakati pake panali pataphwatalala ngati tayala la galimoto, mizere itatsala pang'ono kufufutika. M'mbali munali mwatsopano, tindevu ta ku fakitale tikadali tiimire. Pomwe pophwatalala pankathera panali kamsana, ndipo njinga ikapendekeka inkakwera pa kamsana kameneko, thupi lonse la njinga ndi ine n'kutsamira pa labala wochepetsetsa. Nditafika kunyumba ndinatenga tochi n'kuwerenga manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo zoti DOT. Analembapo 3417. Awiri oyambawo ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, ndiye kuti tayala linapangidwa sabata ya 34 ya 2017. Ine ndinaligula mu Julayi 2022 pa shopu ina ku Blantyre, ndikuuzidwa kuti langofika kumene. Linali litagona zaka zisanu penapake, mwina padzuwa, labala akuuma. Shopuyo sindiitchula, ngakhale dzina la tayalalo, chifukwa manambala anali poyera, wosawerenga ndinali ine.

Koma ukalamba wa tayala unali theka chabe la nkhani. Theka linalo n'loti ndinagula tayala la mtundu wolakwika. Ndinkaganiza kuti njinga ya mpikisano imafuna tayala la mpikisano, basi.

Matayala amenewo alipo, ndipo ndi abwino pa ntchito yake: Pirelli Diablo Rosso IV, Bridgestone Battlax S22, Michelin Power 5 ndi ena otero. Labala wake ndi wofewa, mizere yotulutsira madzi ndi yochepa, m'mbali mwenimweni mwina mulibe ndi mzere umodzi womwe. Anawapangira munthu amene tsiku lake limathera m'makona, njinga itagona chammbali, pa phula louma. Tsono taganizirani moyo wa njinga ku Mangochi. Kuchoka pa Boma kupita ku Liwonde ndi makilomita pafupifupi 75, ambiri mwa iwo owongoka ngati bango. Kupita ku Monkey Bay n'chimodzimodzi, milambe ndi migwalangwa ikungodutsa, iwe uli njo. Makona enieni ali ku Chowe ndi ku Khwekhwelere, ndipo kumeneko sindipitako tsiku lililonse. Njinga ikamayenda chiimire pa phula lotentha la mu Okutobala, kunja kuli madigiri 35 kapena kupitirira apo, labala wofewa amasungunuka pakati pokha. Umalipira tayala lonse, n'kudya gawo limodzi mwa magawo atatu.

Gulu lina ndi lomwe opanga amalitcha sport touring, matayala oyendera mtunda wautali, padzuwa ndi pamvula pomwe, koma okwanira pa malimu a njinga zothamanga. M'gulu limeneli muli Michelin Road 6, Pirelli Angel GT II, Metzeler Roadtec 01, Bridgestone Battlax T32 ndi Dunlop Roadsmart IV. Ndisanamize munthu kuti ndinawayesa onse. Ndayendera mtundu umodzi wokha, ndipo ndinausankha pa chifukwa chosanyaditsa: alamu anga amene ali ku Joni atalowa m'shopu ndi kapepala kanga, Road 6 ndi amene analipo onse awiri, la kutsogolo ndi la kumbuyo, pa saizi yanga, opangidwa chaka chomwe chinangotha kumene. Ndinawauza kuti ajambule manambala a DOT anditumizire pa WhatsApp asanatulutse ndalama. "Alamu, mwayamba liti kukayikira anthu chonchi?" anandifunsa. Ndinati ndinayambira pa Chowe.

Za saizi ndiimepo pang'ono, chifukwa apa mpomwe ambiri timapusitsidwa. Njinga yanga imavala 120/70 ZR17 kutsogolo ndi 180/55 ZR17 kumbuyo, monganso njinga zambiri za injini ya ma 600cc. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ndi msinkhu wa khoma lake poyerekeza ndi kutambalalako, mwachitsanzo 55 pa 100 iliyonse. R akutanthauza kuti ndi radial, tayala lomwe nsalu zake za m'kati zimadutsa molunjika kuchoka mbali imodzi kupita inzake, ndipo 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Pambuyo pa manambalawa mupezanso 58W pa la kutsogolo ndi 73W pa la kumbuyo: 58 ndiye kuti tayala limasenza makilogalamu 236, 73 ndi makilogalamu 365, pomwe W ndi liwiro la makilomita 270 pa ola, loti ine sindidzalifikako ngakhale m'maloto. Ndisanatumize ku Joni ndinayamba ndazungulira m'Blantyre, ndipo mnyamata wina pa shopu ina anandigubuduzira 190. "Bwana, ili ndiye lokongola, njinga idzaoneka yaukali kumbuyoku." Kukongola ndi zoona. Koma limu yanga ndi ya mainchesi 5.5, yoyenera 180. Ukapanikizirapo lalikulu, tayala limafinyika, msana wake umasintha, njinga n'kumakhota mosiyana ndi mmene anaipangira. Ndinamuthokoza, n'kutuluka. Palinso Road 6 GT, yemwe ndi wa njinga zolemera zonyamula anthu awiri ndi masutikesi. Pa njinga ngati yanga safunika.

Anabwera pa basi mu Febuluwale 2023, pamodzi ndi katundu wa anthu ena a kuno, mabulangete, mapoto ndi mawailesi. Msonkho pa chipata unalipiridwa, wonyamula naye anatenga zake. Ndinachonderera chinthu chimodzi chokha, kuti asawamange ndi chingwe mowafinya kapena kuwasanjikira katundu wolemera, chifukwa mkombero wa waya umene umagwira limu ukapindika, tayala lopanda chubu silisunganso mpweya. Anafika bwinobwino atakulungidwa m'makatoni, akununkha utsopano. Mwana wanga wamng'ono anagona tsiku limenelo atalowetsa miyendo m'kati mwa la kumbuyo.

Kuika ndiye kunali nkhondo. Kuno okonza matayala ndi ambiri, ndipo ndi akatswiri pa njinga za kabaza: zitsulo ziwiri, nyundo, mphindi khumi wamaliza. Koma limu ya aluminiyamu siifuna nyundo. Ndinamasula mawilo ndekha kunyumba, n'kuwakweza pa kabaza kupita nawo pamalo ena pomwe pali makina ochotsera matayala a galimoto. Mkulu wa pamenepo ndi munthu waulemu, anavomera kuika tizidutswa ta chigubu cha pulasitiki pakati pa chitsulo ndi limu kuti isakalike, ndipo tinapaka madzi a sopo. La kumbuyo linalowa, kompuresa inalira, tinamva "phu! phu!" kawiri, mkombero wakhala. Ndikulipukuta, maso anagwa pa kamuvi kamene kali pakhoma la tayala. Kankaloza chakumbuyo.

"Akulu, talitembenuza ili."

"Aaa, bwana, lozungulira ndi lozungulira. Liyenda."

Kuyenda likanayendadi. Koma mizere ija anaijambula kuti izikankhira madzi kunja tayala likamazungulira mbali imodzi, ndipo nsalu za m'kati anazilumikiza moganizira komwe mphamvu ikuchokera, kumbuyo kukoka kwa injini, kutsogolo kugwira kwa buleki. Tinalichotsanso, ine n'kuwonjezera ya fanta. Mavalavu ndinaikiratu atsopano. Balansi ndinapanga ndekha pakhonde: ekiselo pa mipando iwiri, wilo n'kulisiya lizungulire lokha mpaka mbali yolemera itsikire pansi, kenako kumata timitovu mbali ya pamwamba mpaka litaleka kusankha poima. Zinanditengera madzulo onse, anthu odutsa akuganiza kuti ndazungulira mutu.

Makilomita 150 oyambirira ndinayenda ngati ndanyamula mazira. Tayala latsopano limakhala loterera pamwamba, limafuna lipalike kaye pang'onopang'ono, lero kupendekeka pang'ono, mawa kuwonjezera. Komabe tsiku loyamba lomwelo, pozungulira pa chipilala cha wotchi pa Boma paja, ndinazindikira kuti kwa miyezi yambiri ndakhala ndikulimbana ndi njinga osadziwa. Pa tayala lophwatalala lija, njinga inkakana kupendekeka, ukaikakamiza n'kugwera mu kona mwadzidzidzi. Apa inkangotsatira maso. Mbali ina ya kusinthaku ndi yoti tayala lililonse latsopano limakhala lobulungira bwino, choncho sindingapereke ulemu wonse kwa Michelin. Ulemu wawo unabwera mwezi wotsatira.

Mu Malichi 2023, masiku a namondwe wa Freddy, mvula inagwa yosalekeza, ndipo firiji ya kasitomala siidikira kuti kuche. Ndinayenda ulendo wa ku Monkey Bay ndi kubwerera madzi ali ndenge pa msewu, malo ena akuyenda ngati mtsinje. Ndinkadikira kuti ndimve kuterera kuja m'matako, kumene munthu amene anatererapo sakuiwala. Sikunabwere. Pa 80, pa 90, njinga inali phee, kumbuyo kukutsala kanjira kouma m'madzi. Pafupi ndi Makawa mbuzi zitatu zinatulukira kuseri kwa Sienta yoima, ndipo ndinakoka buleki ya kutsogolo mwamphamvu kuposa mmene ndikanafunira pa msewu wonyowa. Yanga ilibe ABS, makina oletsa wilo kuima n'kumatsetsereka ukakoka buleki mwamphamvu. Mphuno ya njinga inazyolika, tayala linagwira, osalira ngakhale pang'ono, ndipo mbuzi yomaliza inadutsa ikundiyang'ana ngati wolakwa ndine.

Chinsinsi chake chili m'zinthu ziwiri. Choyamba ndi silica, ufa wochokera ku mchenga, amene amasakaniza mu labala. Matayala akale ankadalira kwambiri mwaye wakuda wosakaniza mu labala, ndipo labala wotero amafuna atenthe kaye kuti agwire. Mvula imaziziritsa tayala, ndiye labala amauma, n'kumadumpha pamwamba pa timiyala ta phula m'malo molowerera pakati pake. Silica amathandiza kuti labala akhalebe wofewa ngakhale atazizira ndi kunyowa. Chachiwiri ndi mizere. Kuwonjezera pa ngalande zikuluzikulu, Road 6 ali ndi timing'alu tating'ono todula kansalu ka madzi kamene kamatsala pakati pa tayala ndi msewu, ndipo timing'aluti anatipanga kuti tizikula tayala likamadyeka, kuti lokalamba lisaleke kumwa madzi. Malo amene tayala la njinga limakhudza pansi sakula kuposa chikhatho cha munthu, ndiye kansalu ka madzi kakalowapo, watsala ndi pemphero. Michelin anatulutsa Road 6 mu 2022, ndipo iwo amati amagwira pa msewu wonyowa kuposa Road 5 ndi 15 peresenti, n'kukhalitsa ndi 10 peresenti. Amenewo ndi mawu a wogulitsa. Ine chomwe ndingachitire umboni ndi mbuzi zija.

Pali zinthu zina zonyowa zimene mlendo sangazidziwe kuno. Galimoto zonyamula nsomba zimadonthetsa madzi a ayezi osakanikirana ndi mamba ndi mafuta a nsomba, makamaka m'mamawa pomwe zimaima ndi pa mahampu. Madzi amenewo ndi oterera kuposa a mvula, ndipo amakhalapo ngakhale mu Ogasiti. Mizere yoyera yopaka penti, zitsulo zolumikizira pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndowe za ng'ombe zonyowa, zonsezi tayala limakuuza kuti lapondapo, limagwedezeka pang'ono, koma silinandithawepo. Ndimadutsapo njinga ili chiimire, dzanja litachoka pa buleki. Ameneyo ndi mwambo woti ngakhale tayala la golide silingakuchotsere.

Pouma ndinali ndi nkhawa yoti ndataya kukoma kwa njinga. Mu Juni chaka chomwecho ndinapita dala ku Golomoti n'kukwera Khwekhwelere m'mamawa kukuzizira, n'kutsikanso, n'kukweranso. Kunena zoona, tayala la mpikisano likatentha bwino lili ndi ukali wake polowa mu kona, limagwera msanga, ndipo Road 6 ndi wofatsirapo, amapendekeka mwaulemu, pang'onopang'ono. Koma kugwira kunali kochuluka kuposa kulimba mtima kwanga. Nditaima pamwamba, tindevu ta m'mbali tinali titatha, labala atachita khakhalakhakhala mpaka pafupi ndi m'mphepete. Tayalali lili ndi labala wa mitundu iwiri, wolimba pakati kuti apirire msewu wowongoka, wofewa m'mapewa kuti agwire pokhota, ndipo wolimbayo amapitirira pansi pa wofewa ngati maziko, kuti phewa lisamanyung'unye ukatsegula mafuta potuluka mu kona. Munthu woyenda pa bwalo la mpikisano angapeze pomwe tayalali limathera. Pa msewu woyendamo ngolo, njinga zakapalasa zonyamula makala ndi anyani okhala pakati pa phula ngati msonkhano, ine sindinapapeze.

Tsono mawu oti tayala la nyengo zonse asakunamizeni. Nyengo zonse si misewu yonse. Malo ambiri amene ndimagwirako ntchito ali kumapeto kwa kamsewu kafumbi kochoka pa phula kutsikira ku nyanja, ndipo m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear ndi mchenga wokhawokha. Mumchenga tayalali ndi mbale. Kutsogolo kumasambira, miyendo yonse pansi, ana akukuthamangira pambuyo akuseka. M'matope mizere imadzaza pakangozungulira kawiri, n'kusanduka dazi. Mu 2024, nyanja itakwera n'kulowa m'malo ena ogona alendo, timisewu tina tinasanduka dambo, ndipo kawiri konse ndinasiya njinga kwa mlonda pa msewu waukulu n'kukwera kabaza ndi chikwama changa cha zipangizo. Mnyamata wa kabaza, pa njinga ya 125 ya matayala opyapyala, anadutsa pomwe ine sindikanayesa n'komwe. "Ankolo, yanu ija ndi ya pa TV," anandiuza. Sindinamuyankhe.

Choopsa kwambiri ndi mchenga wa pa phula. Mvula ikagwa usiku, imakokolola mchenga kuchokera m'timisewu tam'mbali n'kuwunjika pa mphambano ndi m'makona otsika. M'mawa kwauma, dzuwa likuwala, iwe ukuganiza kuti msewu uli bwino. Palibe silica amene amagwira pa mchenga. Maenje nawonso alibe chisoni: khoma la 55 ndi lalifupi, ukamenya dzenje lakuthwa pa liwiro, yopweteka ndi limu. Ndili ndi kachipsera kamodzi pa limu ya kutsogolo kochokera pa dzenje lomwe linabisala m'madzi. Tayala linapirira, silinatupe.

Mpweya ndi nkhani ina imene ndinaiphunzira mochedwa. Pa njinga yanga Honda analemba 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo, kapena kuti 36 ndi 42 pa mageji owerenga psi, tayala lili lozizira. Kudina ndi chala ngati mmene achitira anzathu a kabaza sikuthandiza, chifukwa radial ndi wolimba khoma, amaoneka wokhuta ngakhale theka la mpweya litatuluka. Mageji a pomwetsera mafuta nawo amanena zosiyanasiyana, ina imakuuza 2.9 pomwe inzake ya tsidya lina la msewu ikuti 2.4. Ndinagula kageji kanga ka m'thumba, ndipo Lolemba lililonse m'mamawa, ndisanalize injini, ndimayeza. Ukayeza masana utayenda mtunda, nambala imakwera chifukwa cha kutentha. Usaphwetse. Mnzanga wina ankachita zimenezo poopa kuti liphulika, n'kumadabwa kuti tayala lake likutha msanga ndiponso njinga ikulemera pokhota. Tayala lopereweza mpweya limapindika kwambiri, ndipo kupindikako n'kumene kumalitenthetsa.

Linabookapo kamodzi, la kumbuyo, msomali wa malata pafupi ndi msika. Ubwino wa lopanda chubu ndi woti siliphwa kamodzin'kamodzi. Ndinafika kunyumba osadziwa, ndinazindikira m'mawa geji itandiuza 1.8. Msomali unali pakati, ndiye ndinatseka ndi kachingwe ka labala komata kaja kuti ndifike pokonzera, kenako tinalichotsa n'kumata chigamba cham'kati. Ukanalowa pakhoma kapena paphewa, likanakhala lotaya, ndipo ndikanalira.

Mayi a kunyumba anakwerapo maulendo angapo opita ku Namwera. Maganizo awo pa matayala ndi achidule: "Bola pano simukundigwedeza ngati thumba la chimanga." Pa kona ija ya ku Chowe amanditsina m'nthiti nthawi zonse, ngakhale sindinawauzepo kuti ndi pamenepo. Ndikukayikira mayi wa mango uja.

Dzinja lachiwiri silinayese matayala kwenikweni, poti mvula ya 2024 inali ya njomba, chimanga chinapserera m'minda yambiri. Chimene chinayesedwa ndi kupirira kutentha. La kumbuyo linafika pa timizere tochenjeza, tija timabisala m'kati mwa ngalande pomwe pakhoma alembapo TWI kapena kachizindikiro, litayenda makilomita 14,000 ndi kanthu. La mpikisano lija linatha lisanakwanitse 6,000. Makilomita 2,000 omalizira linayamba kuphwatalala pakati, njinga n'kuyambanso kamwano pang'ono polowa mu kona, koma pamvula linagwirabe mpaka tsiku lolichotsa. Sindinadikire kuti lifike pa waya.

Mtengo ndiye bala. Awiri oyamba ndinawagula kwacha isanagwe. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pogula la kumbuyo lachiwiri, tayala limodzi linandidya ndalama zoyandikira zomwe ndinalipira pa awiri aja. Ndalama imeneyo mukhoza kuvekera njinga za kabaza zingapo, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutsalako ya mafuta. Ndinakhala pansi ndi cholembera n'kugawa mtengo ndi makilomita, ndipo ngakhale zili choncho Road 6 ankatuluka wotchipa pa kilomita kuposa la mpikisano lotha msanga lija, osawerengera ulendo wa basi ndi nkhondo yoika imene ndimaipewa kamodzi. Alipo otchipa kwambiri a mayina osadziwika, ndiponso akaunjika ochotsedwa pa njinga za kunja, ooneka ngati akadali ndi mizere. Akaunjikawo ndimawaopa kuposa onse. Sudziwa kuti anatenthedwa kangati, anagona kuti, anachotsedwa chifukwa chiyani.

Amene njinga yanu imakhalira m'misewu yafumbi ya ku Makanjira kapena Katuli, izi si zanu, ndipo mwina njinga yothamangayo si yanunso. Amene muli ndi ya ma 600 kapena kuposa, yoyendera pa phula chaka chonse, mvula kaya dzuwa, ine ndingakuuzeni kuti mugule gulu limeneli, ndipo Road 6 ndamuona ndi maso. Mukapeza Angel GT II kapena T32 wa saizi yanu, wopangidwa posachedwa, pa mtengo wabwinoko, sindingakuletseni, ndi a ntchito imodzi. Chokhacho, kutsogolo ndi kumbuyo akhale a mtundu umodzi, chifukwa misana yawo anaipanga kuti izigwirizana, ndipo musasakanize radial ndi tayala la nsalu zopingasa.

La kutsogolo lija likadalipo kuyambira Febuluwale 2023, ladutsa makilomita 17,000. Ukalisisita ndi chikhatho m'mapewa ukumva timasitepe, ndipo ndikasiya chiwongolero pang'ono pa 60 chikuyamba kugwedeza mutu. Nthawi yake yakwana, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri a Namwera madzulo. Dzulo ndinawaimbira alamu. Asanandipatse n'komwe moni wa ana, anati, "Ndikudziwa, ndikudziwa. Ndijambule manambala."